Ndodo yowedzera: bango, nsungwi kapena ya kusitolo?

Alimi anzanga, chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo fodya akapita ku okushoni, ambiri a ife kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi timayamba kuyang'ana kumadamu ndi kumitsinje. Chifukwa chake n'chodziwika. Nsomba zouma zimene timagula pa Dzaleka, pa Mponela ndi pa Madisi zimayenda mtunda wautali kuchokera kunyanja, ndipo mtengo wake umakwera pa siteji iliyonse. Munthu wodziwa kuwedza amapulumutsa ndalama ya ndiwo, komanso ana ake amadya zakudya zomanga thupi.

Masiku ano m'misika mwathu mwafika ndodo zowedzera zonyezimira. Zina n'zolowetsana ngati eriyo ya wailesi, zina n'zazitali kwambiri zimene abale athu amabwera nazo kuchokera ku Joni. Alimi ambiri akhala akundifunsa ngati n'koyenera kugulitsa nkhuku kapena thumba la mtedza kuti agule ndodo yotere. Ndodo zonsezi ndazigwira ndipo ndawedzera, kuyambira m'madamu a kuno kumtunda, mumtsinje wa Bua, mpaka pa mchenga wa ku Senga Bay. Chimene ndapeza n'chakuti ndodo imasankhidwa ndi madzi amene mukawedzemo, osati ndi maso. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ntchito zitatu za ndodo

Tisanayerekeze, tiyeni tigwirizane za chimene ndodo imachita. Ntchito yoyamba ndi kuponya, ndiko kufikitsa nyambo pamene pali nsomba. Yachiwiri ndi kudziwitsa dzanja kuti nsomba yayamba kudya. Yachitatu ndi kupindika nsomba ikamakoka, kuti chingwe chisaduke ndiponso mbedza isang'ambe kamwa la nsomba.

Ndodo ina imapindika kunsonga kokha, ina imapindika ngati uta kuyambira kunsonga mpaka pakati. Yopindika kunsonga imamva msanga ndipo imakola mbedza mwachangu. Yopindika ngati uta imachedwa kumva, koma imatopetsa nsomba yaikulu popanda kudula chingwe. Kumbukiraninso kuti ndodo ikatalika, nsomba ndiyo imapeza mphamvu pa inu. Yesani kunyamula njerwa pa nsonga ya mpini wa khasu, kenaka muinyamule pa nsonga ya phaso lalitali, mudzamva kusiyana kwake m'mikono.

Bango

Bango ndi ndodo ya ana ndi ya matemba. Silifuna ndalama, limapezeka m'dambo lililonse, ndipo n'lopepuka kotero kuti mwana angaligwire tsiku lonse. Pa kumva palibe ndodo ya kusitolo imene ndaiona ikuposa bango louma bwino, chifukwa ngakhale katemba kakangogunda nyambo, dzanja limadziwa.

Vuto lake ndi mphamvu. Bango n'lamphako ndipo khungu lake n'lopyapyala, tsono mlamba wa kilogalamu imodzi ungathe kulithyola pa mfundo. Silikhalitsanso, likanyowa ndi kuuma kangapo limang'aluka. Ngati cholinga chanu ndi matemba a m'kamtsinje, bango n'lokwanira. Mukafuna zoposa apo, pitani ku nsungwi.

Nsungwi

Si nsungwi iliyonse imene ili yabwino. Ya makolo athu, imene oluka madengu ndi malichero amagwiritsa ntchito, akatswiri amaitcha Oxytenanthera abyssinica. Khungu lake n'lochindikala ndipo mphako yake ndi yaing'ono, mwina kutsinde osaoneka n'komwe. Imeneyi ndiyo ya mbedza. Nsungwi yachikasu ya mizere yobiriwira imene timabzala pakhomo ili ndi mphako yaikulu ndipo imafumbwa msanga. Nsungwi zikuluzikulu zimene zafika zaka zapitazi n'zabwino pa milimo ndi makala, koma pa mbedza n'zonenepa kwambiri.

Nsungwi yokhwima ya mamita 3 kapena 4 imapindika ngati uta, ndipo imagwira makumba, chilunguni ndi mlamba wapakati popanda vuto. Ikagwa pa mwala siisweka, ikagwera m'madzi kawirikawiri imayandama, ndipo ikathyoka mumangodula ina. M'dzanja ndi yolemererapo kuposa bango, makamaka ikapitirira mamita 4, koma mungathe kuikhazika pa mphanda n'kumayang'ana kaphesi koyandama.

Malire a nsungwi ndi mtunda. Chingwe chomangirira kunsonga sichiyenera kutalika kuposa ndodoyo, apo ayi mudzalephera kuvuula nsomba. Izi zikutanthauza kuti ndodo ya mamita 4 ingafikitse nyambo pafupifupi mamita 8 basi kuchokera pamene mwaima. M'madamu ndi m'maiwe athu mtunda umenewu ndi wokwanira, popeza makumba ndi chilunguni zimakonda kudya m'mphepete momwe muli udzu. Kunyanja, pamene mafunde amaswekera kutali, mamita 8 sakufikitsani kulikonse.

Ndodo za kusitolo

Ndodo za kusitolo zimasiyana ndi zathu pa chinthu chimodzi chachikulu. Zili ndi timphete modutsa chingwe ndiponso kagudumu kokulungira chingwe, kamene ogulitsa amati reel. Kagudumuka kamasunga chingwe cha mamita 100 kapena kuposa, ndipo kali ndi buleki imene imamasula chingwe pang'onopang'ono nsomba yaikulu ikathamanga. Ndodo ya kusitolo yopanda reel yabwino siiposa nsungwi m'pang'ono pomwe. Choncho powerengera ndalama, werengerani zinthu zitatu: ndodo, reel ndi chingwe.

Mtundu woyamba ndi wa fibreglass, umene unayamba kupangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ndodo zimenezi n'zolemera pang'ono, zimapindika ngati uta, ndipo zimapirira nkhanza. Ya fibreglass ya mamita 2 kapena 2.4, yolumikiza pawiri, ndiyo imene ndaiona ikugwira ntchito bwino pa Bua ndi pa madamu aakulu. Imaponya nyambo mamita 30 kapena 40 mosavuta, imalowa pansi pa mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje, ndipo mlamba waukulu imautopetsa. Pa kumva ndi yogontha pang'ono, kotero matemba amatha nyambo inu osadziwa.

Mtundu wachiwiri ndi wolowetsana uja. Ubwino wake ndi umodzi: umalowa m'chikwama ndipo mungakwere nawo kabaza. Koma polumikizira paliponse ndi pofooka. Mchenga ukalowamo zidutswa zimakanirira kapena kukhulana, timphete timapotoka, ndipo nsonga yake imathyoka ikangokodwa m'nthambi. Pa ndodo zonse zimene ndayesa, yolowetsana yotchipa ndiyo imene sindingamuuze mlimi kuti agulitsire nkhuku.

Mtundu wachitatu ndi wa carbon, umene unafika m'zaka za m'ma 1970. Ndi wopepuka, wolimba msana, umamva bwino ndiponso umaponya kutali kuposa fibreglass ya msinkhu womwewo. Koma ndi wodula, ndipo sufuna kugundidwa. Ukagunda pa mwala kapena kupanikizika ndi matumba m'minibasi, umachita mng'alu wosaoneka umene umadzathyokera pa nsomba. Ndodo ya carbon ndi ya munthu amene amawedza kawirikawiri ndipo ali ndi posungira pabwino.

Ndodo ya pa mafunde

Tsopano tifike pa ndodo zazitali zochokera ku Joni. Zimenezi zinapangidwira asodzi a m'mphepete mwa nyanja yamchere, monga a ku Durban, amene amaima pa mchenga n'kuponya nyambo kuseri kwa mafunde. Kutalika kwake kumakhala mamita 3.6 mpaka 4.2, ndipo zimaponya mtovu wolemera magalamu 85 mpaka 170. Kulemera kumene ndodo ingaponye kumalembedwa pamwamba pa chogwirira. Werengani manambalawo. Mukaika mtovu wopepuka ndodo siipindika ndipo nyambo imagwera pafupi. Mukaika wolemera kuposa muyezo, ndodo imathyoka.

Kwa ife a ku Dowa, malo apafupi pamene ndodo yotere ingaonetse ntchito yake ndi ku Salima. Mukatsika msewu wa ku Chezi n'kudutsa pa Mvera, mufika ku Senga Bay. M'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imachita mafunde aakulu ndipo masiku ena mabwato satuluka. Pamenepo ndodo yaitali imachita zinthu ziwiri zimene ndodo ina singachite. Imaponya kutali: wophunzira amafika mamita 50 kapena 60, pamene wozolowera amapitirira mamita 100, ndiko kutalika kwa bwalo la mpira. Komanso mukaiimika m'paipi yokhomera mumchenga, imakweza chingwe pamwamba pa mafunde kuti asamakokere nyambo kumtunda. Nsomba za mtundu wa mlamba zimayandikira kugombe madzulo ndi usiku, ndipo nthawi imeneyi ndiyo yoyesera.

Pakati pa ya mamita 3.6 ndi ya mamita 4.2, ine ndimasankha yaifupiyo. Yaitali imaponya kutali pokhapokha ngati muli ndi msinkhu ndi mphamvu zoizunguzira mwachangu. Munthu wa msinkhu wapakati amaponya kutali ndi ya mamita 3.6 chifukwa amailamulira bwino, ndipo mapewa sapweteka msanga. Pa fibreglass ndi carbon, wophunzira ayambe ndi fibreglass. Imapindika pang'onopang'ono, kotero imakhululuka mukachedwa kapena kufulumira kusiya chingwe, ndipo nyambo yofewa ngati usipa siithothoka pa mbedza poponya.

Kuponya kwake si kwa mphamvu. Lekani mtovu ulendewere mita imodzi kapena kupitirira pang'ono kuchokera kunsonga. Dzanja lakumwamba limakankha, lakumunsi limakokera tsinde la ndodo pachifuwa, ndipo mumayamba pang'onopang'ono n'kufulumira kumapeto. Kutsogolo kwa chingwe chanu lumikizani chingwe chonenepa, chotalika kuwirikiza kawiri ndodo, chifukwa mphamvu yonse ya kuponya imathera pamenepo. Lamulo la asodzi a kunyanja yamchere n'lakuti magalamu 28 alionse a mtovu amafuna chingwe chopirira makilogalamu 4.5. Tsono mtovu wa magalamu 100 ukufuna chingwe chopirira makilogalamu 16 kapena kuposa. Chingwe chikaduka poponya, mtovu umauluka ngati mwala wa legeni, ndipo pagombe pamakhala amayi ochapa ndi ana osamba. Yang'anani kumbuyo ndi m'mbali musanaponye, ndiponso kulungani kansalu pa chala chogwira chingwe.

Ndodo yomweyi mukabwera nayo pa damu la kumudzi imasanduka katundu. Mtovu wake ukagwa m'madzi nsomba zimabalalika, makumba akamadya simumva, ndipo mumtsinje imakodwa m'mitengo. Ngati kunyanja mumapitako kamodzi pa chaka, ndalama imeneyo kagulireni feteleza.

Botolo ndi chingwe

Pali njira ina yoponyera kutali imene siifuna ndodo konse. Pa Dzaleka, pamene panali ndende m'nthawi ya Kamuzu ndipo panakhala msasa wa anthu othawa kwawo mu 1994, pali anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ena mwa iwo anakulira m'mphepete mwa nyanja za Tanganyika ndi Kivu. Bambo wina wochokera chakumeneko ndi amene anandionetsa bwino kaponyedwe ka chingwe chokulunga pa botolo. Paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Mumakulunga chingwe pa botolo kapena pa chitini chosalala, n'kumangirira mbedza ndi cholemetsa kumapeto. Mumazunguza cholemetsacho ndi dzanja limodzi, n'kuchitaya uku botolo mwalilozetsa kumadzi, ndipo chingwe chimavuka chokha monga chimachitira pa reel. Mukazolowera mumafika mtunda umene ndodo yaifupi ya fibreglass imafika. Kumva kwake n'kwabwino koposa chifukwa chingwe chili pa chala. Kuipa kwake n'kwakuti mlamba waukulu ukathamanga chingwe chimacheka dzanja, ndiponso pamafunika malo oyera, opanda bango ndi zitsamba. Musakulunge chingwe pa chala kapena pa mkono. Mlimi amene ali ndi nsungwi ya pafupi ndi botolo la patali wakwanitsa pafupifupi zonse zimene madzi a kuno kumtunda amafuna.

Yesani musanagule

Ngati mwatsimikiza zogula, musachite manyazi kuiyesa ndodo pamaso pa wogulitsa. Safunsa anadya phula.

Choyamba, ilumikizeni n'kuigwedeza. Mukamva kugogoda polumikizira, isiyeni. Chachiwiri, pisani kansalu kapena thonje m'kamphete kalikonse. Likakodwa ndiye kuti kampheteko n'kosweka ndipo kadzadula chingwe. Chachitatu, dutsitsani chingwe m'timphete, mangirirani botolo la madzi la theka la lita, limene limalemera theka la kilogalamu, n'kulinyamula pang'onopang'ono. Ndodo yabwino imapindika mosalala, popanda pogonyoka kapena kulira. Chachinayi, ikani reel n'kuikhazika ndodo pa chala. Ikakhazikika pafupi ndi pogwirira ndi yabwino. Ikamagwera kutsogolo kwambiri idzakutopetsani. Pa ndodo ya pa mafunde, ikani tsinde lake m'khwapa n'kutambasula mkono. Dzanja liyenera kufika pa reel mosavutikira.

Za chingwe, cha mamilimita 0.25 n'chokwanira makumba ndi chilunguni, pamene mlamba umafuna cha 0.35 kapena 0.40. Chingwe cha nayiloni chimaonongeka ndi dzuwa, kotero musagule chimene chakhala pa benchi miyezi yambiri, ndipo chanu muzisunga m'nyumba.

Kudula ndi kukonza nsungwi

Mphukira ya nsungwi imafika msinkhu wake wonse m'dzinja limodzi, ndipo siinenepanso pambuyo pake. Zaka zotsatira imangokhwima. Ya mbedza ikhale ya zaka zitatu kapena zinayi. Mudzaizindikira chifukwa makoko a pa mfundo amakhala atagwa, mtundu wake wazilala, ndipo mukaigogoda imalira mouma. Yanthete imanyala n'kukwinyika ikamauma.

Dulani m'chilimwe, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamwamba penipeni pa mfundo kuti chitsa chisasunge madzi. Sankhani yoongoka, yonenepa ngati chala chachikulu kutsinde ndi yopyapyala bwino kunsonga. Sadzani nthambi ndi mpeni wakuthwa mosavulaza khungu. Iviikeni m'madzi kwa masabata atatu kapena anayi kuti chakudya chimene tizilombo tofumbwitsa timafuna chichoke. Kenaka iumitseni pamthunzi, mutaipachika chotsikira ndi mwala kumunsi, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Dzuwa limaing'amba. Pokhota muwambe pa makala pang'onopang'ono mpaka patuluke thukuta, muongole ndi manja mutagwira chiguduli, n'kupaziziritsa ndi nsalu yonyowa. Mukaisunga kudenga la khitchini utsi umaiteteza. Pogwirira kulungani mphira wa chubu cha njinga.

Pomangirira chingwe, musamange kunsonga kokha. Yambani kumanga pa mfundo yachitatu kapena yachinayi, muzungulize chingwe mpaka kunsonga, n'kumanganso pamenepo. Nsonga ikathyoka, nsomba ndi mbedza zimakhala zikadali zanu.

Moyo ndi malamulo

Ndodo ya carbon imadutsa magetsi, ndipo ndodo iliyonse yonyowa ingachite chimodzimodzi. Mukamayenda pansi pa mawaya a magetsi igonekeni, ndipo kukayamba kugunda ndi kung'anima ikani ndodo pansi muchoke pamadzi. Mu Bua muli ng'ona, tsono imani patali ndi madzi ndipo musamakhale pa malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. M'madamu mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Wedzani muli kumtunda. Mtovu ndi poizoni. Musaulume ndi mano, ndipo musasungunule wa m'mabatire pakhomo. Nati kapena pulagi yakutha ya galimoto imagwira ntchito yomweyo m'damu.

Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi mankhwala, kotero katupe ndi mlandu, ndiponso amapha ndi tiana tomwe. Neti ya udzudzu ndi yogonamo, si yokokera nsomba. Chigawo cha kumunsi cha Bua chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa mogwirizana ndi boma kuyambira 2015. Mpasa imakwera mtsinjewu kukaswana, ndipo simungawedzemo popanda chilolezo. Chimodzimodzinso kudula nsungwi m'nkhalango ya boma monga ya Ntchisi kumafuna chilolezo cha a zankhalango. Dziwe la mnzanu ndi munda wake, pemphani. Nsomba yaing'ono ibwezereni m'madzi idzakule, ndipo mukapita kunyanja funsani alangizi a za usodzi kapena komiti ya pagombe za miyezi yotseka.

Tsono tigule iti?

Wa matemba atenge bango. Wa pa damu ndi pa dziwe, amene ndi ambiri a ife, adule nsungwi ya makolo ya mamita 3 kapena 4, aonjezere botolo la chingwe pofuna mlamba wa pakati pa damu. Amene amapita ku Bua kawirikawiri ndipo ndalama ilipo, agule fibreglass ya mamita 2 kapena 2.4 yolumikiza pawiri, ndipo ndalama yambiri aiike pa reel. Ndodo ya pa mafunde ndi ya amene amakhala kufupi ndi nyanja kapena amapitako mwezi ndi mwezi.

Ngati pamunda panu palibe nsungwi, konzekani kubzala mvula ikayamba. Kumbani chitsa cha nsungwi ya chaka chimodzi kapena ziwiri pamodzi ndi mizu yake, muidule kusiya mfundo zitatu, n'kuibzala tsiku lomwelo m'mphepete mwa chigwembe kapena mtsinje, kutali ndi mizere ya chimanga chifukwa mizu yake imalanda chinyezi. Itetezeni ku mbuzi ndi moto. Idzagwira nthaka imene ikukokoloka m'mapiri athuwa, ndipo pakatha zaka zinayi kapena zisanu mudzayamba kudulapo ndodo, mapaso ndi nsungwi zolukira nkhokwe.